KAMERA YA DISO LOZUNGULIRA IFUNA MUNTHU WODEKHA

Mwa makamera onse ogwiritsa nchito filimu, ulipo mtundu umodzi umene umaona monga aonera munthu wotembenuza mutu kucokera mbali ina kufikira inzake. Diso lake lili m'kamgolo kozungulira, ndipo kuwala kumalowa pa kampata kopapatiza ndi kugwera pa filimu yopindidwa ngati uta. Motero cithunzi cimalembeka pang'onopang'ono pamene diso liyenda, ndipo cimatuluka cacitali copingasa.

Kampani ya Kodak inayamba kugulitsa kamera yotere, yochedwa Panoram, m'caka ca 1899. Pambuyo pake kunabwera Widelux ya ku Japan, Horizont imene inayamba kupangidwa ku Krasnogorsk m'dziko la Soviet Union mu 1967, ndi Noblex ya ku Dresden, yoyenda ndi mabatire. Horizont imaona madigiri 120, pamene kamera wamba imaona osafika ngakhale theka lake.

Lamulo loyamba ndi lakuti kamera iime mowongoka. Pa cifukwa ici opanga anaikapo levulo yaing'ono, yonga ija ya amisiri omanga nyumba. Mukailozetsa m'mwamba, nthaka imaoneka yolowa pakati ngati mbale. Mukaiweramitsa, cigwa cimatukuka ngati culu. Tsono coyamba kugula ndi miyendo itatu yoikapo kamera, pamodzi ndi kacingwe kodinira kuti dzanja lisaigwedeze.

Ngati miyendoyo palibe, samalani zala zanu. Diso limafika kutali m'mbali, kotero kuti wogwira kamera monga mwa masiku onse amapeza zala zake kumapeto onse awiri a cithunzi. Gwirani pamwamba ndi pansi, kapena mangani cogwirira kunsi kwake.

Pojambula gulu la anthu, musawaimike pa mzere wowongoka. Apakati adzaoneka akuluakulu, akumapeto ang'onoang'ono. Aimikeni mopinda ngati mwezi watsopano, kuti onse atalikirane ndi kamera mofanana. Cipupa cacitali naco cimaoneka cotupa pakati mukaciyang'ana maso ndi maso. Ndi bwino kuima capangodya.

Dzuwa likhale kumbuyo kwanu, pakuti diso likadutsa pamene pali dzuwa, mbali imeneyo imayera mbuu. Nyale ya fulashi ilibe nchito pano, popeza kung'anima kwake kumatha diso lisanayende, ndipo kumawalitsa kacigawo kocepa cabe. Tigalasi tosefa kuwala twa makamera ena sitilowa. Pafunika tating'ono topangidwira kamera yomweyo.

Cinthu coyenda cimasintha maonekedwe. Galimoto ingatalike kapena kufupika, malinga ndi kumene ilowera. Jeff Bridges, katswiri wa mafilimu wa ku America, anapezerapo luso: pa liwiro locedwa la Widelux amajambula mnzake kawiri pa cithunzi cimodzi, uku akuseka, uku ali ndi cisoni.

Fumbi ndiye mdani wa magiya oyendetsa kamgolo. Akada, kamgolo kamayenda modukizadukiza, ndipo pa cithunzi pamaoneka mizere yoimirira, ina yakuda ina yoyera. Sungani kamera m'cikwama, ndipo musanaike filimu iyendetseni kangapo kuti magiya amasuke.

Kumbukiraninso kuti filimu ya zithunzi 36 imapereka 21 zokha mu Widelux, cifukwa ciliconse ndi ca mamilimita 59 m'litali. Uzani wotsuka kuti asaidule, pakuti wozolowera muyeso wamba angadule pakati pa cithunzi canu, ndipo tsiku la ukwati kapena la msonkhano silibwereranso.

Kodi zonsezi ndi zobvuta? Josef Sudek wa ku Prague anaduka dzanja lamanja pa nkhondo yoyamba ya dziko lonse. Ndi dzanja limodzi lotsalalo ananyamula Kodak Panoram yakale m'misewu ndi m'mapiri a mzinda wake kwa zaka zingapo, ndipo mu 1959 anatulutsa buku la zithunzi 284 limene ojambula amalilemekeza kufikira lero. Akulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Yang'anani levulo, zala ndi dzuwa musanadine.