Liu, Chiyankhulo ndi Makina: Kuphunzira pa Intaneti ku Photsaneng

Photsaneng ndi mudzi wa Abafokeng umene uli pafupi ndi Rustenburg, m'dera la migodi ya pulatinamu ku South Africa, ndipo eni mudziwu amayankhula Chitswana. Pamene sukulu zaukachenjede za m'dzikomo zinatsekedwa mu Malichi chaka cha 2020, chifukwa cha mliri wa Covid-19, wophunzira wa m'mudzi wotere anayenera kutsatira maphunziro ake pa intaneti, m'mabwalo monga eFundi la North-West University kapena myUnisa la University of South Africa. Nanga bwalo lotere liyenera kukhala lotani kuti wophunzira akhoze?

Choyamba, liyenera kufikirika. Kuyambira mu Juni 2020 boma linakonza zoti ophunzira othandizidwa ndi NSFAS azilandira data yokwana 10GB ya masana ndi 20GB ya usiku pamwezi, kwa miyezi itatu. Komabe phunziro la pakanema limatha data msanga, ndipo limaduka magetsi akazima, monga zinkachitikira kaŵirikaŵiri mu 2022 ndi 2023. Bwalo labwino limalola wophunzira kusunga phunziro m'foni yake n'kudzalimvera pa nthaŵi imene iye angathe.

Chachiŵiri ndi chiyankhulo. M'kalasi, wophunzira amene sanamve mau a Chingerezi amanong'oneza mnzake m'Chitswana, namveka. Pa intaneti mnzakeyo palibe. Malamulo a boma a 2020 onena za ziyankhulo m'sukulu zaukachenjede amafuna kuti ziyankhulo za eni dziko zikwezedwe. Koma ngati malangizo, matanthauzo ndi mafunso zili m'Chingerezi chokha, mayeso amayesa Chingerezi cha wophunzira, osati zimene akudziŵa.

Chachitatu chikukhudza kwambiri akatswiri a ziyankhulo za Chibantu, ndicho kamvekedwe ka liu. M'Chitswana, o a bua angatanthauze kuti "ukuyankhula" kapena "akuyankhula", ndipo chosiyanitsa ndi kukwera kapena kutsika kwa liu pa o. M'Chicheŵa, mtengo womera ndi mtengo wa malonda zimasiyana m'njira yomweyo. Kalembedwe ka masiku onse sikaonetsa kusiyanaku, kotero wophunzira amadalira khutu. Liu likamadukaduka, kapena phunziro likaperekedwa m'malemba okha, chenicheni chophunzitsidwacho chimatayika.

Motero woyesa ubwino wa bwalo la maphunziro asaŵerenge zida zimene lili nazo, koma afunse ngati wophunzira wa ku Photsaneng walifikira, wamva liu la mphunzitsi, ndi kumvetsa tanthauzo lake.