Chilembo Chimajambulidwa M'dzanja la Wowerenga

Mkulu wina wa bungwe lachifundo anandiitana mwezi watha ali wokwiya, naika pamaso panga foni ndi laputopu, nati ndamugwirira ntchito yosalongosoka, popeza zilembo za tsamba la pa intaneti limene ndinamukonzera zinali zonenepa pa chimodzi koma zowonda pa chinzake. Dandaulo ili ndalimva kwa zaka zambiri, ndipo muzu wake ndi chikhulupiriro chakuti tsamba lotere liyenera kufika kwa munthu aliyense ndi nkhope imodzimodzi, monga lichitira lotuluka m'makina osindikizira.

Sizili tero ayi. Chimene ife timatumiza ndi malangizo chabe, ndipo wojambula chilembo ndiye makina amene ali m'dzanja la wowerenga. Ndikalamula kuti mawu aoneke mu Arial, kompyuta ya Windows imamvera chifukwa ili nayo fonti imeneyo, ndiko kunena mtundu wa kaumbidwe ka zilembo. Koma foni ya Android, imene ilibe Arial, imaika Roboto m'malo mwake osafunsa munthu. Ndipo ngakhale fonti itakhala yomweyo, Windows kuyambira kale imakankhira mizere ya chilembo pa timadontho ta sikirini kuti ioneke yakuthwa, pamene makina a Apple amalemekeza kaumbidwe kamene mmisiri anakonza, zilembo nizituluka zokhuthalako. Onse awiri anasankha mwadala, ndipo palibe wokonza masamba amene angawalamule kuti agwirizane.

Microsoft inayesa kuthetsa vuto la kusowa kwa mafonti mu 1996 pogawa mwaulere mafonti monga Verdana ndi Georgia, amene anaumba Matthew Carter, koma inaleka mu 2002. Lero timatumiza fonti pamodzi ndi tsamba kudzera m'lamulo lotchedwa @font-face, itapanikizidwa m'fayilo ya WOFF2 kuti ichepe. Izi zimathandiza ndithu, ngakhale kuti wolipira ndi wowerenga, pakuti fonti iliyonse imadya bandulo yake ya intaneti.

Chimene chimandiwawa mtima, chimene eni masamba sachiona pamene akukangana za kunenepa kwa zilembo, ndi chilembo chathu cha ŵ. Mafonti ambiri okongola alibe chilembochi, ndipo pa Google Fonts chimakhala m'gulu la latin-ext, limene okonza masamba ena amalisiya akamatsitsa fonti. Browser, pulogalamu yotsegulira masamba, ikachisowa imabwereka ku fonti ina, ndipo dzina la Malaŵi limatuluka ndi chilembo chachilendo pakati pake, chosiyana msinkhu ndi zinzake. Akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Tsono musanasankhe fonti, lembani nayo dzinalo muone. Mafonti awiri akwanira, mwina imodzi yokha. Tchulani ena olowa m'malo yoyamba ikakanika, ndipo ikani font-display: swap kuti mawu aziwerengeka pamene fonti ikubwera, ngakhale kuti nthawi zina mizere imasuntha pang'ono ikafika. Pomaliza yesani tsambalo pa foni yotsika mtengo, netiweki ili yofooka.