Kagalu nkaulere, koma kukalera kuli ndi mtengo wake

ULÓNGUÈ — Galu akaswa pamudzi, mwini wake savutika kupeza owapatsa tiana. Ana a sukulu amatinyamula mmodzimmodzi, ndipo madzulo mayi pobwera kudimba amangopeza kagalu kali khale pakhonde. Palibe ndalama imene yatuluka, choncho makolo ambiri amangoti kakhale. Koma m'midzi ya Angónia, Tsangano, Macanga ndi Chifunde, kumene mabanja ena nkhokwe imatha Khirisimasi isanafike, funso lakuti kagaluko kakhale kapena kabwezedwe ndi lofunika kulikhalira pansi.

Kumudzi galu saweteredwa chikondi chokha. Amauwa akuba akafika pa khola la mbuzi kapena la ng'ombe usiku, amathamangitsa anyani m'munda, ndipo anyamata amapita naye kosaka. Mphaka naye ali ndi yake ntchito, yolondera nkhokwe ndi matumba a chimanga kwa makoswe. Banja losauka ndilo limamva kuwawa kwambiri mbuzi imodzi ikabedwa, motero nkosamveka kunena kuti osauka asawete galu konse. Nkhani yagona pa zinthu zitatu zimene banja liyenera kudzifunsa: chakudya, katemera ndi kuswana.

Mbale ina ya tsiku ndi tsiku

Kagalu kakang'ono kamakhuta ndi mkute wotsala dzulo. Pakatha miyezi 6 kamakhala kakula, ndipo kamafuna mbale yakeyake ya phala la gaga kapena nsima tsiku lililonse, masiku 365 pa chaka. Nthawi ya masika zimenezi sizioneka ngati vuto. Zimaoneka mu Januwale ndi Febuluwale, pamene gaga yemweyo amasanduka chakudya cha anthu ndipo mumphika simutsala ngakhale nkhoko. Chilala cha El Niño cha nyengo ya 2023 mpaka 2024, chimene chidapsereza chimanga m'madera ambiri a chigawo cha Tete ndi kutsidya ku Malawi, chidakumbutsa anthu kuti miyezi ya njala imatha kutalika.

Galu wosadyetsedwa sakhala pakhomo. Amayamba kumwa mazira, kugwira anapiye a eni ake, kuvundukula miphika m'makhitchini a anzake ndi kuyendayenda m'misika ndi m'madzala. Mlandu ukapita kwa a mfumu, wolipa nkhuku ndi mwini galu, uja adalephera kumpatsa gaga. Motero galu amene adabwera kudzateteza chuma cha pakhomo ndiye amayamba kuchichotsa.

Galu wowonda amadzalanso utitiri, nkhupakupa, mphere ndi njoka za m'mimba. Zina mwa njokazi zimalowa mwa ana amene amasewera padothi pamene galu wachita chimbudzi, ndipo matekenya nawo amaswana pamalo ogona agalu ndi nkhumba.

Chiwewe sichiona malire

Mtengo waukulu koposa wa galu wosasamalidwa ndi chiwewe. Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO limati matendawa amapha anthu pafupifupi 59,000 chaka chilichonse, ambiri mwa iwo mu Africa ndi Asia. Mwa anthu 100 odwala chiwewe, mpaka 99 amachitenga kwa galu, ndipo anthu 4 mwa 10 alionse ndi ana osafika zaka 15, amene amakonda kusewera ndi agalu ndiponso kubisa bala poopa kukalipiridwa.

Kachilombo ka chiwewe kamakhala m'malovu a nyama yodwala. Kakalowa pabala kamayenda pang'onopang'ono m'mitsempha kupita ku ubongo, ndipo kawirikawiri pamatha mwezi umodzi mpaka itatu munthu asanaonetse chizindikiro. Bala limapola, anthu amaiwala. Koma wodwala akayamba kuopa madzi, kuzunguzika ndi kutuluka dovu, palibenso chipatala kapena sing'anga amene angamubweze.

Kwa anthu a m'malire nkhaniyi ili pafupi zedi. Pakati pa Dedza ndi Ntcheu, m'malo ngati Lizulu ndi Biri Biri, msewu waukulu ndiwo malire a Mozambique ndi Malawi, ndipo galu amaoloka m'mawa nkubwerera madzulo popanda womufunsa chiphaso. Nkhandwe ndi afisi nawonso amatenga matendawa. Galu wanjala woyendayenda ndiye amakumana ndi nyama zotere nkubweretsa matenda pakhomo pamene pali ana.

Chiwewe chimapeweka. Katemera wake adayesedwa koyamba pa munthu m'chaka cha 1885, pamene Louis Pasteur wa ku France adapulumutsa mnyamata wa zaka 9 wolumidwa ndi galu. Akatswiri amati agalu 70 mwa 100 alionse a m'dera akabayidwa, matendawa amasiya kufala. Ku Blantyre, bungwe la Mission Rabies lidabaya agalu oposa 35,000 m'masiku 20 okha m'chaka cha 2015. Kuno kwathu ntchitoyi ili m'manja mwa alangizi a ziweto a ku ofesi ya SDAE m'boma lililonse, ndipo pa misonkhano yobaya agalu ndi amphaka kawirikawiri salipiritsa. Tsiku la 28 Sepitembala ndi lokumbukira nkhondo yolimbana ndi chiwewe pa dziko lonse. Chimene mwini galu amapereka ndi tsiku limodzi losiya khasu, chingwe ndi ulendo wopita kumalo obayira, chaka ndi chaka. Banja limene silingathe zimenezi silinakonzeke kuweta galu.

Munthu akalumidwa kapena kukandidwa, bala litsukidwe nthawi yomweyo ndi madzi ambiri ndi sopo kwa mphindi 15, kenaka apite kuchipatala tsiku lomwelo. Galu wolumayo, ngati akudziwika, amangidwe nkumayang'aniridwa kwa masiku 10, koma wolumidwa asadikire masikuwo kunyumba. Akuluakulu adati pakadafunda padajiwitsa galu. Katemera wa anthu amabayidwa kangapo, masiku osiyana, ndipo sapezeka pa chipatala chaching'ono chilichonse. Apa ndi pamene banja limagulitsa mbuzi kapena thumba la mbatata ya kachewere kuti lipeze ndalama ya chapa kapena njinga yamoto, ndipo mwini galu kawirikawiri ndiye amauzidwa kuti alipire maulendowo.

Mmodzi amasanduka gulu

Galu wamkazi amakhala ndi bere masiku pafupifupi 63, ndipo amatha kuswa kawiri pa chaka, ana angapo nthawi iliyonse. Banja limene lidawerengera mbale imodzi limapezeka ndi milomo yambiri. Tiana tosowa wotitenga timatayidwa kuthengo, ndipo totsala ndi moyo ndito timakhala agalu opanda mwini, osabayidwa, ozungulira misika. Amene akutenga galu wamkazi ayenera kudziwiratu kumene ana adzapite, kapena afunse mlangizi wa ziweto za njira yotseketsa kubereka.

Pa banja limene vuto lake lalikulu ndi makoswe, mphaka ndiye wopepuka kulera, popeza amadya pang'ono ndipo gawo lina la chakudya amadzipezera yekha, ngakhale kuti naye amafunika katemera wa chiwewe. Ngati ana akungofuna chiweto choti azichitcha chawo, msoti wa nkhuku umawaphunzitsa kusamala chimodzimodzi, umaikira mazira, ndipo tsiku la mavuto umagulitsika. Katemera wa chitopa ndi kadontho kamodzi m'diso, katatu pa chaka.

Choncho banja lokhala ndi khola loti lilonderedwe, lotha kupatula gaga ngakhale mu Febuluwale ndiponso lokonzeka kupita kobayitsa, likhoza kuweta galu mmodzi ndipo lidzapindula naye. Limene chaka chino likudya kamodzi pa tsiku lingachite bwino kubweza kagaluko kwa mwini wake kasanazolowere pakhomo. Mwana adzalira madzulo amodzi, koma agalu saleka kuswa, ndipo chaka cha zokolola zabwino kagalu kena kadzapezeka pa mudzi womwewo.