Chikalata Chokhazikika ndi Chidziwitso cha Tsiku: Tizisiyanitse Bwanji?



Pa bolodi la zidziwitso pamakhala mapepala amitundu iwiri, ndipo kuwasokoneza kungathe kuphonyetsa mwana mayeso kapena kuyendetsa kholo ulendo wopanda pake kuchokera ku Kande kapena ku Mpamba.

Mtundu woyamba ndi chikalata chokhazikika. Ichi chimanena zinthu zimene sizisintha ndi nyengo, monga malamulo a sukulu, yunifolomu ndi ndondomeko yolembetsera mwana. Maholide ena a boma alinso m'gulu lomweli. Tsiku la Ufulu ndi 6 Julaye chaka chilichonse, ndipo pa 3 Malichi timakumbukira anthu amene anaphedwa mu 1959, kuphatikizapo aja anawomberedwa padoko la Nkhata Bay. Chikalata chotere chimagwirabe ntchito kufikira eni ake atachisintha.

Mtundu wachiwiri ndi chidziwitso cha tsiku. Ichi chimabadwa ndi deti, ndipo nthawi yake ikadutsa chimatha mphamvu. Ndandanda ya mayeso a JCE ndi MSCE imene bungwe la MANEB limatulutsa ndi ya chaka chimodzi basi. Ya chaka chatha ingaoneke yofanana ndi ya chaka chino, koma masiku a mapepala ndi ena.

Ife Asilamu kusiyanaku timakudziwa kale. Zoti Swala ndi zisanu patsiku n'zokhazikika, koma ola la Fajr ndi la Maghrib limasuntha potsatira dzuwa. Zoti timasala m'mwezi wa Ramadhan sizisintha, koma deti yake imasuntha, chifukwa chaka cha Chisilamu chili ndi masiku 354 kapena 355, kuchepera ndi masiku pafupifupi 11 poyerekeza ndi kalendala ya boma. N'chifukwa chake Ramadhan inayamba chakumapeto kwa Malichi mu 2023, chapakati pa Malichi mu 2024, ndi kumayambiriro kwa Malichi mu 2025. Tsiku la Eid nalo timadikira kuti lilengezedwe mwezi ukaoneka.

Tsono musanatsatire pepala lililonse, dzifunseni mafunso atatu. Lalembedwa liti? Walemba ndani? Kodi palibe lina latsopano limene lalowa m'malo mwake? Mafunso omwewa agwire ntchito pa uthenga wa pa WhatsApp, poti kumeneko chithunzi cha chidziwitso cha chaka chatha chimatha kuzunguliranso ngati chatsopano.

Kwa olemba zidziwitso, pempho ndi ili: lembani deti yonse pamwamba, ndi chaka chomwe. Mawu oti "mawa" kapena "Lachisanu likubwerali" amasocheretsa amene wawerenga patapita sabata. Zokhazikika ziikidwe mbali imodzi ya bolodi, za tsiku mbali ina, ndipo zimene zatha ntchito zichotsedwe.

Ophunzira a Folomu 2 ndi Folomu 4, onani chaka chimene chalembedwa pa ndandanda yanu musanaikopere m'kope. Mukakayika, funsani ku ofesi ya aphunzitsi aakulu.

Allah atitsogolere tonse.