Hergé, wojambula Tintin: kugwira ntchito mwaluso ndi malire ake



Tikamachonga makope pakutha pa sabata, pali ophunzira a mitundu iwiri amene amatidetsa nkhawa. Woyamba amalemba mothamanga, bola athane nazo. Akajambula mapu a Arabia amaoneka ngati mtanda wa nsima. Wachiwiri amang'amba tsamba kanayi chifukwa chilembo chimodzi chapotoka, ndipo belu limalira asanapereke kanthu. Onse awiriwa taganiza zowafotokozera za munthu wina wa ku Belgium amene moyo wake wonse adaugwiritsa ntchito pojambula nthano za makatuni, dzina lake Hergé.

Tinene poyambirira kuti nkhani yojambula zinthu zamoyo maulama athu adaikambapo kwambiri, ndipo pa zithunzi za papepala saona onse mofanana. Imeneyo malo ake ndi m'kalasi la fiqh. Hergé sadali Msilamu, ndipo si zonse adachita zimene tingatengere. Pano tikuyang'ana kagwiridwe kake ka ntchito, pakuti tidaphunzitsidwa kutola nzeru paliponse pamene taipeza.

Kodi Hergé adali yani?

Dzina lake lenileni lidali Georges Remi. Adabadwira ku Etterbeek mumzinda wa Brussels pa 22 May 1907. Dzina loti Hergé lidachokera pa zilembo zoyamba za maina ake atazitembenuza, R ndi G, monga zimatchulidwira m'Chifalansa. Adayamba kujambula ali mnyamata m'magazini a masikauti, kenako adapeza ntchito pa nyuzipepala ya Chikatolika yotchedwa Le Vingtième Siècle. M'tsamba la ana la nyuzipepalayi ndi mmene pa 10 January 1929 mudatuluka koyamba Tintin, mtolankhani wachinyamata woyenda maiko ndi kagalu kake koyera. Nthano za Tintin zidakwana mabuku 24, ndipo zamasuliridwa m'zilankhulo zoposa 70.

Mabuku oyamba adawajambula mosafufuza. Sabata iliyonse ankangofunika kudzaza masamba, ndipo za maiko ena ankatenga zimene azungu anzake ankakambirana. Chipatso chake ndi buku la Tintin in the Congo la mu 1931, pa nthawi imene Congo idali pansi pa Belgium. M'bukumo anthu akuda adawajambula ngati ana aulesi ndi opusa, ofunika mzungu kuti awaganizire. Hergé adali asanapondeko ku Congo. Patapita zaka iye mwini adavomera kuti adangotsatira maganizo a tsankho a anthu amene adakulira pakati pawo.

Mnzake wa ku China

Mu 1934 zidamveka kuti Tintin apita ku China. Wansembe wina, Léon Gosset, amene ankasamalira ophunzira a ku China pa yunivesite ya Louvain, adamulembera kalata yomupempha kuti asanyoze anthu amene sakuwadziwa. Kudzera m'zimenezi Hergé adakumana ndi Zhang Chongren, mnyamata wa ku Shanghai amene ankaphunzira zosemasema ku Brussels. Kwa chaka chathunthu ankakumana. Zhang adamufotokozera mbiri ya dziko lake, adamuonetsa kagwiridwe ka burashi ka ku China, ndiponso adamuuza zimene asilikali a Japan ankachita kumeneko kuyambira mu 1931.

Buku limene lidatuluka, The Blue Lotus, lidali losiyana kotheratu ndi oyamba aja. Misewu, zovala ndi nyumba zidafanana ndi zenizeni. Zolembedwa pa makoma ndi pa zikwangwani zidali Chitchaina chenicheni cholembedwa ndi dzanja la Zhang, ndipo zina zinkadzudzula Japan, mpaka akazembe a dzikolo adakadandaula ku boma la Belgium. Apa ndi pamene Hergé adazindikira kuti wojambula ali ndi ngongole kwa anthu amene akuwajambula. Ife timawerenga mu Surat Al-Hujurat za kufufuza nkhani tisanaifalitse, komanso kuti mitundu ya anthu idalengedwa kuti idziwane. Hergé adafika pa mfundo yomweyo chifukwa chokhala pansi ndi kumvetsera mnzake.

Mmene ankagwirira ntchito

Kuyambira pamenepo adayamba kusunga zithunzi zodula m'magazini ndi m'makatalogi: galimoto, sitima, zovala za asilikali, mipando, ngakhale zitseko. Asanajambule chinthu ankafuna kudziwa mmene chimaonekera ndi mmene chimagwirira ntchito. Tsamba lililonse ankayamba ndi pensulo, kujambula ndi kufufuta mobwerezabwereza, nthawi zina mpaka pepala kubooka. Pa mizere yambiriyo ankasankhapo umodzi wabwino koposa, n'kuukopera pa pepala loyera, kenako kudutsamo ndi inki. N'chifukwa chake zojambula zake zimaoneka zosavuta: mzere umodzi woonekera bwino, wopanda mithunzi yambiri, moti ngakhale mwana amadziwa pomwepo chimene chikuchitika. Thukuta lonse lidatsalira pa mapepala amene owerenga sadawaone.

Mu 1950 adakhazikitsa Studios Hergé, gulu la omuthandiza, mmodzi mwa iwo ndi Bob de Moor. Pokonza nthano ya ulendo wa kumwezi, adapangitsa karoketi kachitsanzo kokhala ndi zipinda zake zonse m'kati, nakakaonetsa kwa katswiri wa za maulendo a mumlengalenga, Alexandre Ananoff, ku Paris. Buku la Explorers on the Moon lidatuluka mu 1954, zaka 15 munthu asanaponde pamwezi mu 1969. Pofuna kujambula sitima ya katundu molondola, iye ndi De Moor adakwera sitima yotero kuchokera ku Antwerp, akujambula zingwe, makina ndi zipinda za amalinyero.

Kubwerera kukakonza zakale

Chimene chimatichititsa chidwi kwambiri ife aphunzitsi n'choti Hergé sankaona buku losindikizidwa ngati nkhani yotha. Nthano ya The Black Island idatuluka mu 1938, idakonzedwanso ndi mitundu mu 1943, ndipo pamene kampani ya Methuen inkafuna kuisindikiza ku Britain, idamutumizira mndandanda wa zolakwika 131 pa mmene adajambulira dzikolo. Wina akadakwiya. Iye adatumiza De Moor ku England ndi ku Scotland kukaona yunifolomu za apolisi, sitima za pamtunda ndi galimoto zozimitsa moto, ndipo buku lonse lidajambulidwanso n'kutuluka mu 1966.

Mabuku ena amatikhudza ife mwachindunji. Land of Black Gold ndi nthano yochitikira ku maiko a Aluya. M'makope akale, zina mwa zolembedwa zooneka ngati Chiarabu zidali mizere yokhotakhota yopanda tanthauzo. Wa madrasa aliyense akadaseka. Pokonzanso bukuli mu 1971 mudaikidwa Chiarabu chenicheni. The Red Sea Sharks ya mu 1958 imasimba za Asilamu a ku Africa amene ali pa ulendo wa Haji ku Makka, koma agwidwa ndi zigawenga zofuna kuwagulitsa ukapolo. Cholinga chidali kudzudzula malonda a akapolo, koma Asilamuwo adawapatsa chilankhulo chophotchoka ngati cha ana. Magazini ya Jeune Afrique idamudzudzula mu 1962, ndipo mu 1967 adasintha malankhulidwewo.

Komabe si chilichonse chimakonzeka ndi kufufuta. Buku la ku Congo lija adalijambulanso mu 1946. Pamalo pamene Tintin ankaphunzitsa ana a ku Congo kuti dziko lawo ndi Belgium, adaikapo phunziro la masamu. Mizere idakongola, koma kunyoza kudatsala, ndipo mpaka lero bukuli limadandaulitsa anthu. Chimodzimodzinso, pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse Hergé adapitiriza kusindikiza Tintin mu nyuzipepala ya Le Soir imene inkayendetsedwa motsatira zofuna za Germany, ndipo mu 1944 adamangidwapo pomuganizira kuti ankathandiza adani. Munthu wosamala chonchi za batani la yunifolomu sadasamale mokwanira za amene ankamugwirira ntchito. Luso la dzanja limafunika kutsogozedwa ndi niya yabwino komanso mtima woopa kulakwira anthu.

Mtengo wake

Kusakhutiraku kudamudya. Kangapo konse adasiya ntchito mwadzidzidzi chifukwa cha kutopa ndi matenda a maganizo. Nthano ya kumwezi ija idaima m'magazini kwa nthawi yoposa chaka, kuyambira mu 1950 mpaka mu 1952, owerenga akungodikira. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1950, banja lake likugwedezeka, ankavutika ndi maloto oopsa oona zoyera zokhazokha. Dokotala wa za maganizo ku Zurich, Franz Riklin, adamulangiza kuti asiye kujambula. Iye adamaliza buku la Tintin in Tibet la mu 1960, nthano ya Tintin akufunafuna mnzake Chang m'mapiri a chipale. Chang ameneyo adali Zhang uja, amene adasiyana naye mu 1935 ndipo adadzaonananso mu 1981.

M'kupita kwa zaka, mabuku adayamba kutalikirana: lina mu 1963, lina mu 1968, lina mu 1976. Adamwalira pa 3 March 1983 buku la 24 lisanathe, ndipo lidasindikizidwa mu 1986 lili zojambula za pensulo chabe, chifukwa adali atanena kuti wina asadzapitirize Tintin iye atapita.

Itqaan ndi waswasa

M'Chisilamu tili ndi mawu oti itqaan, kugwira ntchito molongosoka ndi mosamala, ndipo tidaphunzira kuti Allah amakonda kapolo wake akamagwira ntchito motero. Imam Bukhari, amene adakhala kuyambira mu 810 mpaka mu 870, ankayenda mitunda yaitali kufufuza amene adalandira hadith ndi kwa yani asanailembe m'buku lake. Koma tilinso ndi mawu oti waswasa, manong'onong'o a mumtima amene amachititsa munthu kubwereza wudhu kasanu mpaka jamaa yatha. Kusiyana kwake kumaonekera pa chipatso. Itqaan imakonza cholakwika chenicheni chimene ungachiloze ndi chala, monga zolakwika 131 zija, ndipo ntchito imafika kwa oifuna. Waswasa ilibe chimene ikuloza. Imangoti sizinakwane, ndipo ntchito siituluka.

Choncho kwa iwe wothamanga: usanalembe za anthu, dziko kapena chipembedzo cha ena, funsa amene akudziwa, ayah kapena chaka chimene ukukayikira, katsegule buku uone, ndipo mphunzitsi akakubwezera kope lodzaza ndi inki yofiira, konza chimodzichimodzi. Kwa iwe wong'amba masamba: lemba kaye poyeserera, konza kawiri, kenako pereka. M'chipinda cha mayeso a MSCE wotchi sidikira munthu, ndipo yankho labwino lotsalira m'mutu silipeza malikisi. Ungwiro wopanda chilema ndi wa Allah yekha. Kwa ife kukufunika khama, kuona mtima ndi kuvomera kukonzedwa.

Makolo, mukaona mwana akusowa tulo kapena kudwala chifukwa choopa kulakwitsa, musamuseke kapena kumukalipira. Bwerani tidzakambirane.

Tikupempha Allah atipatse maphunziro opindulitsa ndi ntchito zolandiridwa. Wassalaamu alaykum.