Liwiro la basi, chitetezo cha malaya

Alamu anga ndi makaniko, ndipo Lamulungu kukakhala mpikisano wa galimoto za Formula One pa wailesi ya kanema simungawatume ngakhale kokagula mchere. Mu Novembala 2020 tidaonera limodzi mpikisano wa ku Bahrain. Galimoto zitangonyamuka, zisanazungulire ndi kamodzi komwe, ya Romain Grosjean wa ku France idapatuka n'kukaboola mpanda wachitsulo pa liwiro la makilomita pafupifupi 190 pa ola. Idaduka pakati ngati nzimbe, moto n'kubuka. Alamu adagwira kumutu. "Ameneyu wapita," adatero. Pasanathe masekondi 30 munthu uja adatulukira m'malawi ndi miyendo yake n'kudumpha mpanda. Chachikulu chomwe adavulala kudali kupsa manja.

Mtima utakhala m'malo, ine ndidaponya mawu oti masiku ano amene amayenda pafupi ndi manda si oyendetsa galimotozi ayi, koma opikisana pa njinga zakapalasa. Alamu adaseka mpaka kutsamwa. "Alamu, njinga yomweyi? Ya kabazayi?" Makani athu adayambira pomwepo, ndipo mpaka lero sadathe.

Ine ndimayamba ndi kuwerenga maliro. Ayrton Senna wa ku Brazil adafera ku Imola, m'dziko la Italy, pa 1 Meyi 1994, patangotha tsiku limodzi Roland Ratzenberger atafera pabwalo lomwelo. Kuchokera pamenepo, dalaivala wa Formula One amene wamwalira chifukwa cha ngozi ya pa mpikisano weniweni ndi mmodzi yekha, Jules Bianchi, yemwe adawomba chigalimoto chonyamulira galimoto zowonongeka ku Suzuka mu 2014, n'kumwalira mu 2015. Ku njinga, m'zaka zomwezo, kudapita Fabio Casartelli mu 1995, Andrei Kivilev mu 2003, Wouter Weylandt mu 2011, Antoine Demoitié mu 2016, Bjorg Lambrecht mu 2019, Gino Mäder mu 2023, André Drege ndi Muriel Furrer mu 2024. Awa ndi otchuka okha, ndipo palibe mwa iwo amene adafika zaka 30.

Kunena zoona, kale alamu akadapambana mkanganowu osatuluka ndi thukuta. Mu 1955 ku Le Mans galimoto ya Mercedes idaulukira m'khamu la oonerera n'kupha anthu oposa 80. M'zaka za m'ma 1960 ndi 1970 madalaivala ankapita kumaliro a anzawo pafupifupi chaka chilichonse. Jochen Rindt adatenga ukatswiri wa dziko lonse wa 1970 ali kale m'manda. Mu 1966 Jackie Stewart adachita ngozi ku Spa, m'dziko la Belgium, n'kupanikizika m'galimoto petulo akumukhathamira thupi lonse. Panalibe womuthandiza kupatula madalaivala anzake awiri, omwe adachita kubwereka masipanala kwa munthu woonerera kuti amasule chiwongolero. Kuyambira tsiku limenelo Stewart ankamata sipanala m'galimoto mwake, ndipo adayamba kuvutitsa eni mabwalo kuti aike mipanda, madokotala ndi ozimitsa moto. Ambiri ankamunena kuti ndi wamantha.

Mantha akewo ndiwo adapulumutsa Grosjean. Dalaivala wa lero amakhala m'kabokosi kolimba kwambiri kamene sikaphwanyika ngakhale galimoto yonse itamwazika. Amamangidwa ndi malamba m'mapewa, m'chiuno ndi m'ntchafu. Zovala zake sizigwira moto msanga. Kuyambira 2003 amavala chogwiriziza khosi chotchedwa HANS, kuti mutu usakoke msana galimoto ikaima mwadzidzidzi. Mu 2018 adaonjezera chitsulo chokhota pamwamba pa mutu chotchedwa halo, cholemera makilogalamu ngati 7 koma chotha kusenza matani 12. Alamu ankadana nacho. Ankati galimoto yabwinobwino aiveka zingwe za patapata. Koma patapata ameneyo ndiye adakankha zitsulo za mpanda kuti zisadule mutu wa Grosjean, ndipo kuyambira tsiku lija sindidawamvenso akumunyoza.

Tsono tayang'anani wa njinga. Malamulo a bungwe loyendetsa masewerowa, la UCI, amati njinga ya mpikisano isapepuke kuposa makilogalamu 6.8, ndipo zambiri zimangopitirira pamenepo pang'ono. Matayala ake safika zala ziwiri m'lifupi. Pamatayala amenewo munthu amatsika phiri pa liwiro la makilomita 80, 90, mwinanso 100 pa ola, m'magulaye onga a msewu wa Khwekhwerere, atavala kabudula ndi malaya opyapyala ngati sokosi. Kumutu kuli kachipewa kopepuka, kopangidwa ndi zonga zija amakutira nazo wailesi yatsopano m'katoni. Basi, chitetezo chonse n'chomwecho.

Wina angafunse kuti bwanji osawaveka zikumba ngati a njinga zamoto. Vuto n'lakuti injini ya njinga ndi munthu mwiniyo. Amapalasa maola asanu, kukwera mapiri dzuwa likuswa mtengo, ndipo thupi lake liyenera kutuluka thukuta n'kuzizidwa ndi mphepo. Mukamukuta ndi zolemera, mwamuphika. Galimoto mukaiwonjezera chitsulo cha makilogalamu 7, injini siidandaula. Munthu amadandaula, ndipo amagonja pa mpikisano.

Ndili mnyamata ndidagwapo ndi njinga ya bambo anga pa mtsetse wopita kuchigayo, thumba la chimanga lili pakaliyala. Mabuleki adali ogwira mongopereka moni. Sindikhulupirira kuti ndinkathamanga ndi makilomita 30 omwe pa ola, koma khungu la pachigongono lidatsala pansi pomwepo, ndipo chipsera ndili nacho mpaka lero. Ndikamaona anyamata a mpikisano wa njinga wa Tour de France akukhwekhwereka paphula pa liwiro loposa pamenepo katatu, thupi langa limachita tsembwe.

Koma nkhani yaikulu si zovala, ndi msewu. Bwalo la Formula One limatalika makilomita atatu mpaka asanu ndi awiri, ndipo galimoto ngati 20 zimangozungulira pomwepo. Gulaye aliyense adamuyeza. Pomwe galimoto ingapatuke adasiyapo malo, adathirapo timiyala, adasanjapo matayala. Makamera ali paliponse, ndipo ulendo woyamba wozungulira galimoto ya dokotala imatsatira pambuyo. N'chifukwa chake Grosjean potuluka m'moto muja adapeza Dr Ian Roberts atafika kale, atabwera ndi dalaivala wa ku South Africa, Alan van der Merwe.

Tour de France ndi makilomita oposa 3,000 m'masiku 21 opalasa, tsiku lililonse msewu wina, wa anthu wamba, wodutsa m'midzi ndi m'matauni. Ndani angakute ndi matiresi mapolo a magetsi, zikwangwani, milatho ndi makoma a mtunda wonsewo? Casartelli, yemwe adawina mendulo ya golide pa Olimpiki ya ku Barcelona mu 1992, adamenyetsa mutu pa zipilala za simenti za m'mphepete mwa msewu potsika phiri la Portet d'Aspet. Weylandt adangocheuka kuona amene akubwera m'mbuyo potsika Passo del Bocco, njinga n'kukhudza kakhoma. Lambrecht, mnyamata wa zaka 22, adagwa ku Poland pa msewu wopanda ndi mtsetse womwe, kukugwa mvula, n'kukawomba kalavati, yonga yomweyi timadutsapo tsiku ndi tsiku. Mäder adagwera m'chigwembe potsika phiri la Albula kwawo ku Switzerland.

Imfa yomwe imandiwawa kwambiri ndi ya Muriel Furrer. Adali mtsikana wa zaka 18, akupikisana pa mpikisano wa dziko lonse ku Zurich, kufupi ndi kwawo. Adagwera m'nkhalango mvula ikugwa, ndipo padapita nthawi yaitali osadziwika kuti wagwa. Mpikisano udapitirira, anzake adamaliza, iye ali gone m'tchire atavulala m'mutu. Adamwalira m'mawa mwake. Ku Formula One tayala likangophwa pang'ono makompyuta adziwa kale. Ku njinga mwana wa munthu adasowa pa mpikisano waukulu zedi wa chaka, m'dziko lolemera, popanda wodziwa pomwe ali.

Kenaka pali chigulu. Opalasa oposa 170 amayenda mothithikana, tayala la wina kutalikirana ndi la mnzake ngati chikhatho chimodzi. Samatero chifukwa chokondana. Wobisala kumbuyo kwa anzake amapewa mphepo, ndipo amasunga mphamvu zambiri zedi. Koma mmodzi akaphonya, onse a m'mbuyo alibe kothawira, amangounjikana ngati nkhuni. Pa tsiku loyamba la Tour de France ya 2021 mayi wina woonerera adatambasulira mumsewu chikatoni cholembapo moni kwa agogo ake, maso ali ku kamera. Tony Martin adachiwomba, ndipo anthu makumimakumi adagwa. Pakati pa chigulu chomwecho pamadutsanso njinga zamoto za atolankhani ndi galimoto za matimu. Demoitié adagwa kaye, kenaka njinga yamoto ya pa mpikisano womwewo idamugunda.

Poti amalize mpikisano pamalo athyathyathya, amathamangitsana ndi mapewa ndi zigongono. Mu Ogasiti 2020 ku Katowice, Dylan Groenewegen adapanikizira Fabio Jakobsen kumpanda pa liwiro la makilomita ngati 80 pa ola, mpanda n'kumwazika. Jakobsen adaphwanyika nkhope, adaguluka mano ambiri, ndipo madokotala adachita kumugoneka masiku awiri. Groenewegen adamuimitsa miyezi isanu ndi inayi. Koma amene adavomereza kuti mpikisano uthere pa mtsetse, ndi mpanda wosalimba choncho, adali akuluakulu a m'maofesi.

China chimene chimandidabwitsa ndi khalidwe la opalasa eni ake. Ku galimoto ngozi ikakula amakweza mbendera yofiira, onse n'kuima. Ku njinga nthawi zambiri mpikisano sudikira munthu, ndiye wogwa chinthu choyamba chomwe amafunafuna ndi njinga yake, osati dokotala. Mu 2011 galimoto ya wailesi ya kanema idagwetsa opalasa awiri pa Tour de France, Johnny Hoogerland n'kuulukira pa waya waminga. Adadzuka, adapalasa mpaka kumaliza, kenaka adamusoka malo 33. Geraint Thomas adamaliza Tour de France ya 2013 ndi fupa la m'chiuno losweka. Ochemerera amatcha zimenezi chamuna. Ine ndimaona kuti munthu amene wangomenyetsa mutu paphula ndiye womalizira kufunsidwa ngati angathe kupitiriza.

Ngakhale zipewa zidavuta kulowa. Mu 1991 UCI itafuna kuzikakamiza, opalasa adanyanyala, akuti zimatentha. Padatengera imfa ya Kivilev pa mpikisano wa Paris-Nice kuti lamulo ligwire mu 2003. Casartelli adafa mutu uli pamtunda.

Alamu nawo ali ndi mfundo zawo, ndipo zina ndimazivomera. Amati opalasa njinga ndi ochuluka, ndipo aliyense amapikisana masiku makumi angapo pa chaka, maola ambirimbiri, choncho n'zosadabwitsa kuti maliro awo achuluke. Amatinso Formula One si mpikisano wonse wa galimoto: Anthoine Hubert adafera ku Spa mu 2019 pa mpikisano wa Formula Two. Akafuna kunditseka pakamwa amatchula Isle of Man, chilumba cha pakati pa England ndi Ireland, komwe njinga zamoto zimapikisana kuyambira 1907 ndipo pa msewu wake wa makilomita 60 pafera opikisana oposa 250.

Komatu Isle of Man ili kumbali yanga. Chimapha anthu kumeneko n'chakuti amathamanga mumsewu wa anthu wamba, pakati pa nyumba, makoma amiyala ndi mapolo, thupi lili pamtetete. Ndi matenda omwewo a njinga yakapalasa, angowonjezerapo injini. Liwiro palokha likadakhala lakupha, Grosjean sakadakhala moyo pomwe Lambrecht adafa. Funso n'lakuti ukagwa ukawomba chiyani, wakutidwa ndi chiyani, ndipo thandizo lifika liti.

Zinthu zikusintha, koma mwa kayendedwe ka nkhono. Mu 2021 UCI idaletsa kukhala pa chitsulo cha pakati pa njinga potsika phiri. Tsopano kuli makhadi achikasu kwa opalasa mosasamala, ngati kumpira. Pa mpikisano wa dziko lonse wa ku Kigali mu Seputembala 2025, woyamba kuchitikira mu Africa muno, njinga adazimangirira tizipangizo toonetsa pomwe munthu ali, kuti za Furrer zisachitikenso. Zonsezi n'zabwino, koma palibe chimene chingafewetse kalavati.

Ndipo pali ngozi ina imene alamu sangayankhe. Dalaivala wa Formula One amaphunzirira pa kompyuta kapena pabwalo lotsekedwa. Wopalasa njinga amakonzekera mumsewu womwewo wa malole ndi maminibasi, makilomita zikwizikwi pa chaka. Michele Scarponi, yemwe adapatsidwa chikho cha Giro d'Italia ya 2011, adagundidwa ndi galimoto kufupi ndi kwawo mu 2017, n'kumwalira. Davide Rebellin adaphedwa ndi lole mu 2022, atangopuma kumene pa mipikisano. Egan Bernal adawomba basi yoima kwawo ku Colombia chaka chomwecho, n'kupulumukira mkamwa mwa mbuzi. Kufupi kuno, Burry Stander wa ku South Africa, yemwe adakhala wachisanu pa Olimpiki ya ku London mu 2012, adagundidwa ndi minibasi ku KwaZulu-Natal mu Januwale 2013 ali ndi zaka 25.

Ndiye inu a maminibasi ndi malole, mukamukumana munthu wa njinga pa M1, kaya ndi wa zovala zothina wokonzekera mpikisano, kaya ndi wa kabaza wonyamula mayi ndi mwana kumbuyo, hutala yokha siyokwanira. Pondani buleki, mudikire kutsogolo kuyere, mumupatse malo.