Mdadada wamangidwa, nanga mphunzitsi agona kuti?

Kwa Dambe kukati kuzizire kumazizira zenizeni. Mwezi wa Juni, m'mapiri a kumtunda kwa boma la Neno kufupi ndi malire a Mozambique, nkhungu imakuta minda ya kachewere ndi tirigu mpaka dzuwa litakwera ndithu. Ndi nthawi imeneyi pamene ana amayamba kutulukira m'tinjira, manja atawabisa m'khwapa, miyendo ili mbuu, makope ali m'kajumbo ka shuga. Wa Sitandade 1 amathamangira m'mbuyo mwa mkulu wake kuopa kutsala. Akafika kusukulu, amakakhala pansi pa simenti yozizira, mawondo atagundana ndi a anzake, kudikira kuti aphunzitsi atulukire pa njinga.

Mukatsikira kuchigwa, cha ku Lisungwi, Matope mpaka pa Zalewa, nkhani ndi ina. Kumeneko dzuwa limaswa mtengo, mvula ndi yanjomba, ndipo matumba a makala oyala m'mbali mwa msewu ndiwo amadyetsa mabanja ambiri. Mnyamata wa zaka 12 amene angathe kukankha njinga ya makala amakhala kuti wakula, ndipo sukulu imayamba kumuona mwa apo ndi apo. Boma ndi limodzi, koma mwana wa kumapiri ndi wa kuchigwa amalephera sukulu pa zifukwa zosiyana, ndipo wofuna kuthandiza ayenera kuyamba wadziwa zimenezi.

Neno inakhala boma palokha m'chaka cha 2003 itachoka ku Mwanza, ndipo kalembera wa 2018 anapeza anthu pafupifupi 138,000. Koma thandizo la alendo pa maphunziro silinayambe dzulo kuno. Mishoni ya Matandani ya mpingo wa Seventh-day Adventist inakhazikika mu 1908, ndipo agogo athu ambiri anadziwira a, e, i, o, u m'sukulu za mipingo. Mu 1994 boma la Bakili Muluzi litachotsa fizi kupulaimale, ana a sukulu m'dziko muno anachuluka kuchoka pa 1.9 miliyoni kufika pafupifupi 3 miliyoni m'kanthawi kochepa. Chinali chinthu chabwino, ndipo palibe kholo lingafune kubwerera kumbuyo. Koma walira mvula walira matope: zipinda, mabuku ndi aphunzitsi sizinachuluke pa liwiro limenelo. Boma limafuna kuti mphunzitsi mmodzi azikhala ndi ana 60, pamene m'makalasi oyambirira a kumidzi sichachilendo kupeza ana opitirira 100.

Chodabwitsa n'chakuti phunziro lalikulu la mmene bungwe lingathandizire sukulu ku Neno likuchokera kuchipatala. Mu 2007 bungwe la Partners In Health, lomwe anthu akuno amalidziwa kuti Abwenzi Pa Za Umoyo, linafika ku Neno kudzagwira ntchito ndi Unduna wa Zaumoyo. Silinamange chipatala chakechake n'kukhomapo chikwangwani. Linalowa m'zipatala za boma: chachikulu cha paboma, cha ku Lisungwi, kenaka cha kwa Dambe. Linalemba anthu a m'midzi momwemo kuti aziyendera mabanja khomo ndi khomo. Ndipo poyenda m'makomomo anaona zomwe dokotala wokhala mu ofesi sangaone: mayi akadwala, woyamba kusiya sukulu ndi mwana wamkazi, chifukwa ndiye atunge madzi, aphike, abereke khanda kumbuyo. N'chifukwa chake bungweli, ngakhale ndi lazaumoyo, lakhala likuthandizanso ana a m'mabanja ovutikitsitsa ndi zofunika kusukulu, ndi fizi kwa amene afika kusekondale.

Wina angafunse kuti thandizo n'lachiyani pomwe pulaimale ndi yaulere. Funsani mayi wa ana anayi. Yunifolomu si yaulere, kope ndi cholembera n'zogula, sopo wochapira naye ndi ndalama, ndiye pali ndalama ya chitukuko imene makomiti a sukulu akhala akutolera. Mwana amene delesi lake lang'ambika pamsana sadikira kuthamangitsidwa. Amangosiya yekha ndi manyazi.

Mabungwe ena awiri amene achita bwino m'dziko muno ali ndi khalidwe lofanana: salola mudzi kukhala chete n'kumaonerera. La buildOn, lomwe linamanga sukulu yake yoyamba m'mudzi wa Misomali mu 1992, limayamba ndi pangano. Amayi ndi abambo amasaina kapena kudinda chala, kulonjeza kuti apereka malo, atuta mchenga ndi miyala, agwira ntchito ndi manja awo, ndipo atumiza ana aakazi kusukulu mofanana ndi aamuna. La Mary's Meals, lomwe linayambira m'Malawi muno mu 2002 ndi ana 200 ndipo tsopano limadyetsa opitirira 1 miliyoni, limabweretsa ufa wa likuni phala, koma ophika ndi anthu a m'mudzi. Amene anaonako amadziwa mmene zimakhalira: kunja kusanache amayi afika kale, utsi uli tolo, mthiko wautali ngati munthu ukuzungulira mumphika waukulu, ana ali pamzere aliyense ndi kapu yake. Mwana amene watuta nawo mchenga kapena kuona amayi ake akutakasa phala sangaponye mwala pazenera la sukuluyo.

Koma pali chinthu chimodzi chomwe ine ndimaona kuti opereka thandizo amachilambalala, ndipo ku Neno n'chimene chimapweteka kwambiri. Mdadada wa makalasi ndi wosavuta kuupezera ndalama. Umaoneka bwino pachithunzi, pamakhala kudula riboni, magule ndi nthungululu. Nyumba ya mphunzitsi ilibe chikoka chotere. Komatu bungwe silingalembe mphunzitsi wa boma. Lingathe kungomupatsa chifukwa chokhalira. Taganizirani mtsikana amene wangomaliza kumene kukoleji ya aphunzitsi, wakulira ku Blantyre, ndipo wamutumiza kusukulu ya kuseri kwa phiri. Akufika n'kupeza nyumba palibe, ya lendi ili kutali, madzi ndi a pachitsime, foni imagwira pokhapokha akwere pachulu, ndipo kuti akatape malipiro ake ayenera kulipira njinga yamoto ndalama zoti akanadya sabata yathunthu. Nthawi ya dzinja msewu wokwera kumapiri umasanduka phala, Lisungwi ndi Wamkulumadzi zimadzaza, ndipo mu Malichi 2023 Neno inali m'gulu la maboma amene sukulu zinaimitsidwa chifukwa cha namondwe wa Freddy. Kodi tingamudzudzule mtsikanayu akayamba kulemba makalata opempha kusamutsidwa chaka chisanathe?

Akachoka, ana ake amawaphatikiza ndi kalasi ina. Mdadada watsopano uja umatsala ndi bolodi loyera, ndipo ana amafika Sitandade 4 asakutha kuwerenga chiganizo cha Chichewa. Pa mayeso a MANEB a Sitandade 8 m'pamene timadzadabwa, chikhalirecho vuto linayamba zaka 7 m'mbuyomo.

Makolo athu anati mlendo ndi mame. Anthu a kwa Mlauli, kwa Chekucheku ndi kwa Symon aona magalimoto oyera ambiri akubwera, kulemba maina, n'kupita dzuwa lisanatenthe. Koma Abwenzi Pa Za Umoyo anthuwa amawakhulupirira chifukwa papita zaka zoposa 15 akadalipo. Bungwe lofuna kuthandiza sukulu ku Neno liyambe lakhala pansi ndi mfumu, komiti ya sukulu, gulu la amayi osamalira atsikana ndi mlangizi wa maphunziro wa m'zoni, ndipo lisanajambule pulani ya makalasi lifunse kuti mwa aphunzitsi a pasukulupo ndi angati amene amagona pomwepo, ndi angati amene amawoloka mtsinje m'mawa uliwonse nsapato zili m'manja.